Kodi TZ350 iyi ndi yeniyeni? Tiyeni tiifufuze ndi fizikisi ya ku sekondale

Ku Ulaya, ku Japan ndi ku America kuli anthu amene amasunga njinga zamoto zakale za mpikisano monga mmene ena amasungira ng'ombe: ndi chuma, komanso ndi chonyadira. Amagulitsana pa ndalama zambiri, ndipo ena amazithamangitsabe pa mipikisano ya njinga zakale. Ndiye mukudziwa kale, pamene pali ndalama akamberembere sasowa. Munthu amatenga njinga wamba ya mumsewu, n'kuchotsa nyali, n'kuiveka thanki yaitali ndi chophimba cha kutsogolo, n'kuipenta zoyera ndi zofiira, basi n'kumati iyi ndi ya mpikisano ya 1973. Wogula akapanda kuchenjera amalipira mtengo wa njinga yeniyeni pa chinthu chongoveka. Choopsa koposa n'chakuti akhoza kukaithamangitsa pa liwiro limene mabuleki ake sanapangidwire.

Funso langa lero ndi ili. Atakuikirani njinga yotereyi kutsogolo, n'kukupatsani vernier caliper, maginito, sikelo ndi kope, mungadziwe zochuluka bwanji? Mungadziwe zambiri ndithu, ndipo pafupifupi zonse zili kale mu silabasi yanu. Titenge njinga imodzi yodziwika bwino, Yamaha TZ350, kuti tisamangoyankhula za m'mwamba.

Poyamba, two-stroke n'chiyani?

Njinga zambiri za kabaza zimene mumakwera ndi za four-stroke. Pisitoni imatsika, kukwera, kutsikanso, kukweranso, kuti moto uphulike kamodzi kokha. Two-stroke ilibe nthawi yodikira choncho. Pisitoni ikangokwera ndi kutsika kamodzi, moto waphulika kale, ndipo crankshaft ikazungulira kamodzi injini yalandira mphamvu. Phokoso lake mumalidziwa: makina ochekera matabwa aja a chainsaw, majenereta ang'onoang'ono amene amafuna petulo wosakaniza ndi oyilo, injini zambiri za maboti kunyanja, ngakhalenso Yamaha DT125 zimene alangizi akhala akuyendera m'midzi.

Injini imeneyi ilibe ma valve pamwamba pa silinda. Ili ndi mabowo m'khoma la silinda, ndipo pisitoni yomweyo ndi imene imawatsegula ndi kuwatseka ikamadutsa. Mpweya ndi petulo zimayamba zalowa pansi pa pisitoni, kumene kuli crankshaft, kenako zimakankhidwira pamwamba. Chifukwa cha zimenezi oyilo sangakhale phee pansi pa injini ngati mu four-stroke. Amayenda limodzi ndi petulo n'kupsera limodzi, ndiye chifukwa chake utsi wake umakhala wabuluu.

Mu 1973 kampani ya Yamaha inayamba kugulitsa TZ350, njinga ya masilinda awiri yopangidwira mpikisano basi, yoziziritsa ndi madzi. Aliyense wokhala ndi ndalama ankatha kuigula n'kukapikisana. Chaka chomwecho Jarno Saarinen wa ku Finland anapambana mpikisano wa Daytona 200 ku America pa njinga ya 350 imeneyi, kusiya kumbuyo njinga za 750 cc. Patangotha miyezi iwiri, pa 20 May 1973, anamwalira pa ngozi ya mpikisano ku Monza, ku Italy.

Vuto la ogula lero linabadwa chaka chomwechonso. Yamaha inatulutsa RD350, njinga ya mumsewu yoziziritsa ndi mphepo, ndipo mu 1980 inatulutsa RD350LC yoziziritsa ndi madzi. Izi ndi abale a TZ, ndipo zinapangidwa zambirimbiri. Wofuna kunamiza anthu amayambira pamenepa.

Muyeso woyamba: masamu a silinda

Silinda ya injini ndi silinda yomwe ija ya m'buku la masamu. Kukula kwake ndi πr² kuchulukitsa ndi mtunda umene pisitoni imayenda kuchoka pansi kufika pamwamba. Pa TZ350 m'mimba mwa silinda ndi 64 mm, ndipo pisitoni imayenda 54 mm. Tisinthe akhale masentimita: r ndi 3.2, ndiye 3.142 × 3.2 × 3.2 × 5.4 zikutipatsa pafupifupi 173.7 cm³. Masilinda ndi awiri, ndiye 347 cc. Njinga ya "350" ilibe 350, eti? Malamulo a mpikisano amaletsa kupitirira malire, ndiye opanga amakhala pansi pang'ono.

Muyesowu uli ndi ntchito. TZ250 ya zaka zimenezo imafanana kwambiri ndi TZ350 ukaiona kunja, koma m'mimba mwa silinda yake ndi 54 mm, ndipo masamu omwewo amatulutsa 247 cc. Mukatsegula pamwamba pa injini n'kupeza 54, nkhani ya 350 yathera pomwepo.

Koma taonani msampha. RD350 nayonso ndi 64 ndi 54. RD350LC chimodzimodzi. Ndiye mukapeza 64 mm simunatsimikize kuti ndi TZ. Mwangochotsa TZ250 pa mndandanda wa okayikiridwa. Izi zimachitika mu sayansi yonse: muyeso umodzi umatha kukana chinthu motheratu, koma kawirikawiri sutha kuchivomereza pawokha. Pamafunika miyeso ingapo yosiyana imene ikuloza mbali imodzi.

Mudakali ndi silinda yotsegula, tengani maginito. Silinda ya RD ndi ya aluminiyamu kunja, koma mkati muli paipi yachitsulo mmene pisitoni imayenda. Maginito amamata. Silinda ya TZ inkachoka ku fakitale ilibe paipi imeneyi. Mkati mwake ankangokutira aluminiyamu ndi chromium wolimba wopyapyala kwambiri, ndipo maginito samata. Anachita izi chifukwa cha kutentha. Aluminiyamu amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo akatentha. Pisitoni ya aluminiyamu ya 64 mm ikatentha ndi madigiri 200 imakula ndi 64 × 0.000023 × 200, pafupifupi 0.3 mm. Zikuoneka zochepa, koma mpata wa pakati pa pisitoni ndi silinda ndi wochepa kuposa pamenepo. Silinda ikapanda kufutukuka nayo limodzi, pisitoni imagwira, tayala la kumbuyo limaima mwadzidzidzi, ndipo wokwera amauluka. Silinda ya aluminiyamu imakula mofanana ndi pisitoni yake ndipo imatulutsa kutentha msanga.

Nkhani ya madzi ikuchokeranso pomwepa. Kuti kilogalamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi pamafunika 4200 J, pamene mpweya umangofuna pafupifupi 1000 J, ndiponso mpweya ndi wopepuka kwambiri. TR3, njinga ya mpikisano imene TZ350 inalowa m'malo mwake, inali yoziziritsa ndi mphepo. Mukaona zipsepse zija za aluminiyamu pa masilinda, si TZ. Ikhoza kukhala TR3, ikhoza kukhala RD yoveka.

Pali zina ziwiri zongoona ndi maso. Pakati pa kabuleta ndi silinda, RD ili ndi kabokosi ka reed valve, timapepala tolimba timene timalola mpweya kulowa koma osabwerera. TZ350 ilibe, pisitoni yokha ndiyo imatsegula ndi kutseka bowo lolowera. Chachiwiri ndi kilatchi. Ya RD imasambira mu oyilo mkati mwa chivundikiro. Ya TZ ndi youma, ili panja, ndipo injini ikamalira pang'onopang'ono imachita phokoso ngati timiyala m'chitini.

Chaka nachonso chimaoneka. TZ zoyambirira zinali ndi mashokabu awiri kumbuyo ndi mabuleki a dramu. Kuyambira pa TZ350C ya 1976 zinabwera ndi shokabu imodzi yaitali yodutsa pansi pa thanki, ndi mabuleki a disiki. Wogulitsa akati ndi ya 1973 koma ili ndi shokabu imodzi, ayenera kufotokoza.

Ekizozi imene imagwira ntchito ndi mafunde a phokoso

Apa ndiye pamene ine ndimasangalala, chifukwa ndi fizikisi yeniyeni yooneka ndi maso. Ekizozi ya two-stroke ya mpikisano siyongotulutsa utsi. Imayamba yowonda, n'kufutukuka ngati mimba ya nsato imene yameza mbuzi, kenako n'kuwondanso mpaka kupaipi kakang'ono kumapeto. Mawonekedwe amenewa ali ndi chifukwa.

Kumbukirani kuti mu two-stroke bowo lotulutsira utsi ndi mabowo olowetsera petulo watsopano amakhala otsegula nthawi imodzi. Ndiye petulo wina watsopano amathawira mu ekizozi asanapse. Bowo la utsi likangotseguka, mpweya wotentha umatuluka mwamphamvu ngati funde. Funde likafika pamene paipi ikufutukuka, gawo lina limabwerera ngati funde lokoka, limene limathandiza kuyamwa utsi wotsala m'silinda. Funde likafika pamene paipi ikuwonda, limagunda khoma n'kubwerera ngati funde lokankha. Likafika pa silinda pa nthawi yake, bowo litatsala pang'ono kutsekeka, limabweza petulo uja amathawa n'kumulowetsanso m'silinda. Injini imadya zambiri kuposa zimene ikanadya yokha.

Amene anakhwimitsa nzeru imeneyi pa njinga za mpikisano ndi Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany. Mu 1961 wokwera wake Ernst Degner anathawa m'dzikomo n'kupita ku Suzuki, ndipo mu 1962 Suzuki inapambana ukatswiri wa dziko lonse wa 50 cc, Degner ali pa njinga.

Tiyeni tiwerengetse kutalika kwa paipi. Phokoso limayenda pafupifupi 340 m/s mu mpweya wa 15 °C, kapena kuti 288 K. Liwiro lake limakwera motsatira square root ya kutentha kwa mu kelvin. Titenge kuti mpweya wa mu ekizozi uli pa 400 °C, ndiko kuti 673 K. Ndiye 340 × √(673 ÷ 288) ndi pafupifupi 520 m/s. TZ350 yoyambirira inkatulutsa mphamvu zake zonse cha pa 9500 rpm. Kuzungulira kumodzi kumatenga 60 ÷ 9500, ndiko kuti masekondi 0.0063. Bowo la utsi limakhala lotsegula kwa pafupifupi theka la nthawi imeneyi, tinene kuti 0.0032. Pa nthawi imeneyo funde limayenda 520 × 0.0032, pafupifupi 1.66 m. Umenewu ndi ulendo wopita ndi kubwera, ndiye kuchokera pa silinda kufika pamene paipi ikuwonda payenera kukhala cha m'ma 0.8 m.

Bwerezani masamu omwewo ndi 7500 rpm, pamene RD350 ya mumsewu inkatulutsa mphamvu zake, muona kuti paipi iyenera kupitirira mita imodzi pang'ono. Injini yothamanga kwambiri imafuna paipi yaifupi. Ndiye tepi yoyezera ikhoza kukuuzani liwiro limene paipi inapangidwira. Zikufotokozanso chifukwa chake njinga zimenezi zimakhala zaulesi pa liwiro lochepa, kenako n'kudzuka mwadzidzidzi ngati zalumidwa ndi njuchi: funde layamba kufika pa nthawi yake.

Komabe ngati umboni, ekizozi ndi yofooka. Njinga ikagwa, chimene chimayamba kuphwanyika ndi chimenechi, ndipo amakaniki ankasintha mapaipi pofuna mphamvu zoonjezera. Paipi yolakwika siitsutsa njinga, ndipo paipi yolondola aliyense akhoza kuigula.

Manambala ofufutidwa

Yamaha inkadinda nambala pa fulemu, pa khosi pamene pamalowa chiwongolero, ndi ina pa injini. Zilembo zoyambirira zimasonyeza mtundu wa njinga, ndipo wogula amazifananitsa ndi mabuku a fakitale. Wakuba kapena wonamiza amadziwanso zimenezi, ndiye amapala nambala yakale ndi galayindala n'kudinda ina.

Choyamba amagwidwa ndi zinthu zazing'ono. Khosi la fulemu ndi lozungulira, ndiye mukapeza malo aphwatalala pamene pali nambala, wina anapalapo. Penti ikakhala yochindikala pamenepo kuposa pena ponse, akubisa dzenje. Pali kachipangizo koyezera kuchindikala kwa penti kamene kamagwiritsa ntchito maginito: penti ikachuluka, chitsulo chimakhala patali, ndipo kukoka kumachepa.

Chodabwitsa n'chakuti nambala yopalidwa imatha kubweranso. Podinda, chitsulo sichingobooka pamwamba pokha. Tinthu ta mkati mwake, pansi pa chilembo chilichonse, timapanikizika n'kusokonekera mpaka kuya kuposa dzenje looneka lija. Wopala amachotsa dzenje, koma chipsera cha mkati chimatsala. Akatswiri ofufuza milandu amasalaza malowo n'kupakapo asidi. Chitsulo chopanikizika chimadyeka pa liwiro losiyana ndi chinzake, ndipo nambala yakale imatulukira ngati mthunzi kwa kanthawi, mpata woti aijambule. Njira ina siwononga kanthu: amaika maginito amphamvu pa fulemu n'kuthira madzi okhala ndi tizitsulo tosalala ngati ufa. Pamene chitsulo chinapanikizika mphamvu ya maginito imadutsa mosiyana, ndipo tizitsulo tija timaunjikana motsatira zilembo zakale. Njira ya maginitoyi imatheka pa fulemu chifukwa ndi yachitsulo. Pa injini ya aluminiyamu siitheka. Za asidizi ndi za mu labotale ya akatswiri, anzanga, osati za kuseri kwa nyumba.

Nanga akati ndi ya fakitale?

Kupatula ma TZ ogulitsa kwa aliyense, kampani inali ndi njinga zake zapadera zochepa zimene inkapatsa okwera ake okha. Zimenezi zinkakhala ndi zipangizo za magnesium ndi mabawuti a titanium kuti zipepuke, ndipo mtengo wake lero ndi wina. Wogulitsa akanena kuti chivundikiro ichi ndi cha magnesium, muitaneni Archimedes. Yezani kulemera kwake pa sikelo, chimizeni m'madzi muone kuchuluka kwa madzi amene chasuntha, gawani. Magnesium amatulutsa 1.74 g/cm³, aluminiyamu 2.70, titanium 4.5, chitsulo pafupifupi 7.8. Manambalawa ndi otalikirana moti ngakhale sikelo ya kusukulu imawasiyanitsa. Chivundikiro cholemera 260 g chimene chasuntha madzi 150 cm³ chikupereka 1.73, ndiye magnesium. Chikanakhala cha aluminiyamu chikanalemera 405 g. Muchipukute msanga, chifukwa magnesium sagwirizana ndi chinyezi. Dontho la viniga pa malo opanda penti limathandizanso: pa magnesium limatulutsa thovu la hydrogen, pa aluminiyamu limangokhala.

Izi zikungotsimikiza mtundu wa chitsulo. Sizikunena amene anachipanga, kapena chaka chimene anachiika pa njingayo.

Pamene miyeso imathera

Mu 1980 Jon Ekerold wa ku South Africa anakhala katswiri wa dziko lonse wa 350 cc, atalimbana ndi Anton Mang wa Kawasaki mpaka mpikisano womaliza ku Nürburgring. Ekerold sanali wokwera wa fakitale. Injini yake inali ya TZ350, koma fulemu inali ya Bimota, kampani ya ku Italy. Munthu wongodalira mabuku a Yamaha akanayang'ana fulemu imeneyo n'kunena kuti ndi yabodza, chonsecho ndi njinga imene inatenga chikho.

Sizinali zachilendo. Makampani monga Harris, Spondon ndi Maxton a ku Britain, ndi Nico Bakker wa ku Netherlands, ankapanga mafulemu a injini za TZ, ndipo okwera ankawagula chifukwa ankakhota bwino. Njinga ya mpikisano imadya mapisitoni ngati chimanga chokazinga. Crankshaft amaimanganso pafupipafupi, injini ikaphulika amaika ina, fulemu ikapindika pa ngozi amasintha. TZ ya zaka 50 imene chilichonse chili monga inachokera ku fakitale mwina sinathamangepo kwenikweni, ndipo ine ndikaona yoyera bwino choncho ndimayamba kufunsa mafunso ambiri. Zimachitikanso kuti njinga imodzi yotchuka inaphwasulidwa, fulemu n'kupita kwa wina, injini kwa wina, ndipo lero onse awiri akuti njinga ya katswiri uja ili kwa iwo. Osunga njinga ambiri amati dzina limatsata fulemu, koma chimenecho ndi chigwirizano cha anthu, si lamulo la fizikisi.

Ndiye pali mafunso awiri osiyana. Loyamba: kodi iyi ndi TZ350? Vernier, maginito, sikelo ndi manambala zimayankha. Lachiwiri: kodi ndi TZ350 imene wakutiwakuti anakwera pa mpikisano wakutiwakuti? Pamenepa pamafunika mapepala: malisiti, mndandanda wa eni ake kuyambira woyamba popanda zaka zosowa, ndi zithunzi za nthawi imeneyo. Zithunzizo amazigwiritsa ntchito ngati mmene apolisi amagwiritsira zidindo za zala. Kuwotcherera kwa pamanja sikufanana pa mafulemu awiri. Kachitsulo kamene makaniko anawotcherera mwachangu usiku wa mpikisano, bowo limene anabowola kuti apachike kena kake, kufwapika kwa paipi ya fulemu, zonsezi zikaoneka pa chithunzi cha 1978 n'kupezekanso pa njinga ili patsogolo panu, pa malo omwewo ndi mopendekera momwemo, umenewo ndi umboni wovuta kuupeka. Penti ndi masitika, zimene maso amayamba kuona, ndi zimene zilibe ntchito konse pa umboni.

Ndikusiyirani ntchito. Mu 1974 Yamaha inatulutsa mkulu wake wa TZ350, yotchedwa TZ750, ya masilinda anayi, ndipo Giacomo Agostini anapambana nayo Daytona 200 chaka chimenecho. Mtundu woyamba, TZ750A, unali ndi miyeso yofanana ndi ya TZ350: 64 mm ndi 54 mm. Werengetsani ma cc ake muone ngati dzina lake linkanena zoona. Pambuyo pake Yamaha inakulitsa m'mimba mwa silinda kufika 66.4 mm, ulendo wa pisitoni n'kukhala womwewo. Werengetsaninso. Kenako tiyerekeze kuti wina akugulitsa TZ750A ya 1974 ndipo akulumbira kuti injini sinakhudzidwepo chichokereni ku fakitale, koma inu mwatsegula n'kupeza 66.4 mm. Lembani zinthu ziwiri zimene zikhoza kukhala kuti zinachitika, ndipo pa chilichonse mutchule chimene mungayang'ane kachiwiri kuti mudziwe choona.